Dokotala mmodzi, anamwino awiri, ndi mwana wathu amene ali pakhomo ndi satifiketi yake

Pakhomo la chipatala chathu chaching'ono pali bokosi lamatabwa, lokhoma ndi loko, loponyamo madandaulo. Kiyi wake ndimasunga ndine chifukwa ndine mlembi wa komiti ya chipatala. Ntchito yanga yeniyeni ndi uphunzitsi, ndili ndi Sitandade 6 pa pulayimale yoyandikana ndi chipatalacho, koma mafumu atafuna munthu wolemba maminitsi analoza ine. Ndiye mwezi ukamatha timatsegula bokosilo pamaso pa a tcheyamani ndi a gulupu, ine n'kumawerenga mokweza zimene anthu aponyamo.

Timapepala tambiri timakhala tong'ambidwa m'makope a ana anga omwe, moti nthawi zina ndimazindikira dzanja la mwana amene walembera agogo ake. "Adokotala amatsegula mochedwa." "Amalemba mankhwala munthu usanamalize kufotokoza." "Anesi anandikalipira ndili pabedi." "Tinagogoda usiku koma anachedwa kutuluka." Ambiri mwa madandaulo amenewa ndi oona, ndipo mayi amene anakalipiridwa ali m'matenda ali ndi ufulu wonse wodandaula. Chimene chimandiwawa n'chakuti mkwiyo wonse umagwera anthu atatu amene alipo. Sindinawerengepo kapepala kofunsa za anthu amene anayenera kukhalapo koma sanatumizidwe.

Amene timawatchula adokotala kuno ndi medical assistant, bambo wachinyamata ndithu amene anaphunzira zaka ziwiri. Maphunziro otere amachitikira m'masukulu monga Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo ku Thyolo. Ali yekha. Anamwino alipo awiri, onse anaphunzira uzamba, ndipo amasinthana usana ndi usiku ku chipinda cha amayi. Kupatula apo pali alangizi a zaumoyo, mayi wokolopa ndi kuchapa, ndi mlonda. Midzi yodalira anthu amenewa ndi yochuluka moti ena amanyamuka tambala woyamba atangolira kuti akapeze malo pabenchi.

Lolemba la m'dzinja, malungo atavuta, mzere umatuluka pakhonde n'kukafika pa mtengo wa mango wa kuseri kwa kalasi yanga. Ndine mphunzitsi, ndiloleni ndichite samu. Tiyerekeze kuti abwera anthu 200, ndipo adokotala akhala pampando maola 8 osadzuka, osadya, osapita kuseri. Maola 8 ndi mphindi 480. Aliyense sakwanitsa n'komwe mphindi ziwiri ndi theka. Mu mphindi zimenezo munthu alowe, akhale pansi, amasule mwana kumsana, apereke kabuku, afotokoze, ayezedwe, alemberedwe mankhwala. Wina akabwera ndi bala la khasu lofuna kusoka, kapena mwana akakomoka pamzere, mphindi za ena onse zapita. N'chifukwa chake cholembera chimayamba kuyenda munthu akangoti "mutu ndi kuphwanya m'thupi." Anthu amaona mwano, koma ine chimandiopsa kwambiri ndi matenda amene amadutsa pa mphindi ziwirizo osaoneka: chifuwa chachikulu chimene chimapatsidwa bakitirimu kawiri katatu chisanaganiziridwe, shuga ndi BP zimene palibe anapeza mpata woziyeza, chotupa cha m'bere chimene mayi anachita manyazi kuchitchula chifukwa pakhomo panali anthu akusuzumira kuti atuluke msanga.

Nyumba ya adokotala ili pafupi ndi yanga, ndiye za usiku ndimazimva. Mlonda amagogoda pawindo, "Adokotala, kwabwera matenda." Kenako loko, kenako mapazi. Wosinthana naye palibe, choncho usiku uliwonse wa chaka ndi wake. Mukaona chitseko cha chipatala chatsegulidwa mochedwa, nthawi zambiri munthuyo anali akufunafuna mtsempha wa mwana wotsekula m'mimba kuti amuike dripi pamene ife tonse tinali m'tulo. Akaitanidwa ku msonkhano kuboma, akapita kubanki, kwawo kukagwa maliro, chitseko chimakhala chotseka, apo ayi mayi wokolopa uja ndi amene amakhala pawindo la mankhwala kupereka panado ndi LA. Mayiyo wakhala pachipatalapo nthawi yaitali ndipo ndi wa mtima wabwino, koma sanaphunzire za mankhwala, ndipo tsiku lina akadzalakwitsa muyezo wa mwana wakhanda mlandu udzagwera iye.

Ndinawafunsa adokotala madzulo ena tikutunga madzi pamjigo kuti tchuthi anapita liti. Anati, "Aphunzitsi, tchuthi chimafuna wondilowera. Ndikapempha amati ndidikire apeze munthu. Ndikanyamuka ndekha, inu nomwe a komiti mundilembera kalata."

Ku chipinda cha amayi ndi kumene nkhaniyi imafika pa moyo ndi imfa m'maola ochepa. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi. Mafumu anaika malamulo awo, wochirira pakhomo kapena panjira azilipa chindapusa, kwina nkhuku, kwina mbuzi. Ku Ntcheu Inkosi Kwataine inatchuka ndi ntchito imeneyi, ndipo nthawi ya a Joyce Banda nkhani ya uchembere wabwino inafika mudzi uliwonse, zidikiro n'kumangidwa. Amayi anamvera. Kafukufuku wa boma wa 2015–16 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse ankachirira kuchipatala, ndipo imfa za uchembere zinatsika kuchoka pa 984 mu 2004 kufika pa 439, powerengera ana 100,000 obadwa amoyo. Ndi chinthu chonyadira, ndipo ine sindifuna tibwerere ku masiku amene mayi ankataya magazi pamphasa anthu akumufunsa kuti atchule amuna amene anayenda nawo. Koma walira mvula walira matope. Tinaitana amayi onse kuti abwere, manja owalandira sitinawonjezere molingana.

Ndinaziona ndekha pamene ndinali gadiyani wa mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga wamng'ono, pa mimba yake yoyamba. Anakhala m'chidikiro monga mwa lamulo. Matenda anamuyamba madzulo, ndipo usiku womwewo amayi ena awiri analinso m'matenda. Namwino anali mmodzi, mnzake anali atapita ku maliro a bambo ake. Pakati pa usiku batire la sola linatha, ine ndinagwira tochi ya pafoni. Namwinoyo ankachoka pa bedi ili kupita pa bedi ilo, kumvetsera mtima wa mwana uku, kusintha magolovesi, kuyeza uko. Mayi mmodzi atachira, asanamalize n'komwe kumusamalira, anabwerera kwa mlamu wanga, anayeza, nkhope yake inasintha. Mwana sankatsika. Anaimba foni kuboma. Ambulansi inali itapita kukatenga matenda ku chipatala china, tidikire.

Tinadikira mpaka ndinayamba kupemphera mokweza. Ambulansi itafika, panabuka vuto lina. Wodwala wotero sapita yekha ndi dalaivala, namwino amayenera kumuperekeza. Namwinoyo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, ndikapita ndi alamu anu, awa ndiwasiyira ndani?" Pabedi lina panali mayi amene anali atatsala pang'ono, pena panali amene wangochira kumene, woti akhoza kuyamba kutaya magazi nthawi iliyonse. Anatuma mlonda kukadzutsa adokotala. Adokotala anatsala ndi awiriwo, ife tinanyamuka, msewu uli matope okhaokha. Kuboma anamuchita opaleshoni, mayi ndi mwana ali moyo, mwanayo pano akuthamanga. Namwino uja anabwerera ndi ambulansi yomweyo kutacha ndipo anapeza sikelo ya amayi oyembekezera ikumudikira. Adokotala anatsegula mochedwa tsiku limenelo, ndipo pamzere anthu anang'ung'udza.

Amene anachita opaleshoniyo anali clinical officer. Awa amaphunzira zaka zitatu n'kuwonjezera chaka choyeserera ntchito, ndipo ndiwo amachita maopaleshoni ambiri a amayi m'zipatala za m'maboma. Dziko lino lawasenzetsa katundu wolemera kwa zaka zambiri ndipo amausenza. Madokotala a digiri m'maboma ndi ochepa, ndipo ochepawo kawirikawiri amapatsidwanso utsogoleri, n'kumathera nthawi pa bajeti, mafuta a ambulansi ndi misonkhano ya khonsolo. Akatswiri a mafupa, a maso, a khansa, a ana, muwapeza ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Komatu kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse timakhala kumudzi. Munthu wa kuno akalemberedwa kuti apite ku Central, banja limakhala pansi kuwerengera thiransipoti ya anthu awiri, ufa, nkhuni ndi amene atsale ndi ana. Ambiri kalatayo amaipinda n'kuiika m'kabuku, n'kupita kwa sing'anga wapafupi.

Vutoli linayamba kale. Tinalandira ufulu mu 1964 tikutsogoleredwa ndi dokotala, Kamuzu, amene udokotala wake anauchita ku Liverpool, ku North Shields, ku London ndi ku Kumasi. Koma sukulu yathuyathu ya madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa mu 1991. Zaka 27 zonsezo ana athu ankakaphunzira kunja, ndipo ambiri anakhazikika komweko. Sukuluyo pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 ataiphatikiza ndi Kamuzu College of Nursing.

Pofika 2004 zinthu zinafika poipa. Edzi inali ikudzaza mawodi ndi kutenganso ogwira ntchito omwe, anamwino anali akuthawira ku Britain, ndipo boma linavomereza poyera kuti pagwa ngozi. Mothandizidwa ndi boma la Britain ndi Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera: malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, masukulu anakulitsidwa kuti azitenga ophunzira ambiri, madokotala ongodzipereka anabwera kuchokera kunja kudzatseka mipata. Pofika 2009 ogwira ntchito m'magulu amenewo anachoka pa 5,453 kufika pa 8,369, ndipo madokotala anachoka pa 43 kufika pa 265. Ndimakonda kukumbutsa anthu nkhani imeneyi chifukwa pali ena amene amalankhula ngati kusowa kwa anamwino n'chilengedwe, ngati chilala. Atsogoleri atatsimikiza mtima ndipo ndalama zitaikidwa, manambala anasuntha pa zaka zisanu zokha.

Ngakhale zinatero, mtunda udakali wautali. Bungwe la WHO limati dziko lifunika madokotala, anamwino ndi azamba 4.45 pa anthu 1,000 alionse kuti chithandizo chifikire anthu moyenera. Chipatala chaching'ono ngati chathuchi chimayenera kutumikira anthu 10,000. Pa muyezo umenewo anthu 10,000 akanakhala ndi ogwira ntchito 44 owayang'anira. Chotsanipo amene ayenera kukhala ku zipatala zazikulu, chotsaniponso ena, simungafike pa atatu. Ndipo ife tinapitirira 10,000 kalekale.

Tsono imvani za mwana wa akulu anga. Anakhoza bwino Fomu 4, anatengedwa ku sukulu ya unamwino ndi uzamba ya mishoni. Fizi tinasonkherana banja lonse. Akulu anga anagulitsa mbuzi, alamu anagulitsa chimanga chisanakwere mtengo, ine ndinatenga ngongole ku banki m'khonde. Anamaliza, analemba mayeso a Nurses and Midwives Council, anakhoza. Tinaphika mpunga, tinaimba, agogo ake anavina. Lero ali m'kakontena pa tireding'i senta, akutumiza ndi kulandira ndalama za pafoni. Yunifolomu yoyera ili m'sutikesi. Kukamveka kuti kuli intavyu amabwereka ya thiransipoti, amakapeza anzake mazanamazana atadzaza bwalo, amabwerera, amadikira mayina. Nthawi ina anagwirako ya pulojekiti ya miyezi yochepa, kontirakiti inatha, anabwerera m'kontena.

Atabwera kudzandiona anapita kukapereka moni kwa anamwino athu, anapeza mmodzi yekha ali ndi mzere wa sikelo kwinaku m'chipinda muli mayi akubuula. Anabwerako maso ali ofiira. "Amayi, manja anga amandiyabwa. Ndikanatha kumuthandiza mnzangayo, koma sindine wolembedwa. Chitachitika china chake andimanga."

Izi ndi zimene ine sinditha kuzimeza. Pachipatala pali mpata, pamtunda woyenda ndi njinga pali namwino wa satifiketi, ndipo pakati pawo pali ndalama ya malipiro imene akuti palibe. Si mwana wathu yekha. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula kwa zaka za anamwino ambirimbiri ophunzira bwino amene ali pakhomo, mpaka kufika pokamba zowapezera ntchito kunja kwa dziko. Mu 2015 madokotala 51 amene anali atangomaliza maphunziro anakhala miyezi osalembedwa ntchito, m'dziko limene odwala amagona pansi kudikira dokotala. Chifukwa chimene chimaperekedwa n'chakuti ndalama za malipiro a ogwira ntchito m'boma zili ndi malire. Koma Covid itabwera mu 2020, boma linalengeza kuti lilemba ogwira ntchito zaumoyo 2,000, ndipo anthu oti alembedwe anapezeka nthawi yomweyo, chifukwa analipo kale. Malungo a mwana wa kuno, kapena mimba yopingasa ya mtsikana wa zaka 17, sizichititsa mantha ofanana ku Capital Hill, koma zimapha chaka chilichonse. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Zaka zambiri bajeti ikawerengedwa, mabungwe amakumbutsa kuti sinafike pamenepo. Mbali yaikulu ya ntchito zaumoyo imayendera ndalama za maiko ena, ndipo tinaona kuopsa kwake kumayambiriro kwa 2025 pamene America inaimitsa thandizo lake: anthu amene ankayeza magazi ndi kutsatira omwa ma ARV m'zipatala zambiri anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba, ntchito yawo n'kugwera anamwino omwe aja.

Kulemba anthu ntchito ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi kuwasunga. Pa zaka zimene ndakhala m'komiti ndaona anamwino akubwera ndi kupita. Amafika ndi matiresi pa lole, amaona nyumba, ndipo mumaonera pankhope kuti wayamba kale kuganiza za kalata yopempha kusamuka. Nyumba za ogwira ntchito zilipo ziwiri zokha. Wachitatu amachita lendi kachipinda kwa wagolosale, kopanda siling'i, chimbudzi chogawana ndi omwa mowa. Magetsi a Escom anathera pa tireding'i senta. Netiweki imagwira pachulu. Mvula ikagwa mlatho umadutsika ndi mapazi okha. Mwamuna wake ali ku tauni, mwana wake akufunika sukulu, ndipo ineyo mphunzitsi ndikudziwa kuti m'kalasi mwanga ana ndi ochuluka moti sindingamuuze kuti abweretse wake ali ndi mtima wokhazikika. Komanso maphunziro apadera ndi misonkhano ya maalawansi zimayamba kufikira amene ali pafupi ndi ofesi. Wa kutali amamva zitatha, ndipo ngakhale aitanidwe, asiyira ndani chipatala? Mnzake amene anatsala kuboma amapita ku sukulu kukawonjezera maphunziro, amakwezedwa, madzulo amagwira ganyu ku chipatala cholipira. Wa kumudzi amangokalamba. Ndalama za lokamu, zimene amayenera kulandira akagwira maola owonjezera, zimabwera patapita miyezi. Munthu wotere akapempha kuchoka ine sindimutcha wosakonda dziko.

Ifenso eni mudzi tili ndi mbali yathu, ndipo ndimainena pamaso pa mafumu. Mankhwala akatha, mawu oyamba amakhala akuti adokotala agulitsa. Kuba mankhwala kulipo m'dziko muno, anthu amangidwapo, ndipo n'chifukwa chake komiti imakhalapo galimoto ya mankhwala ikamatsitsa katundu, timawerenga makatoni n'kusayina. Koma ndawerengapo makatoni amenewo ndi maso anga, ndipo ndikudziwa kuti nthawi zambiri zimene zabwera sizingafike pa 20 mwezi. Munthu akamwalira, anthu amafuna womuloza chala, ndipo wapafupi ndi amene anamugwira komaliza. Nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tinamva pa wailesi za madera amene anthu anaphwanya zipatala ndi kuthamangitsa ogwira ntchito powaganizira kuti akufalitsa matendawo dala. Kuno sizinafike pamenepo, koma miyala inagwapo padenga la namwino usiku wina. Anachoka mwezi womwewo. Amene anaponya miyalayo akazi awo anakhala miyezi akuthandizidwa ndi namwino mmodzi.

Alangizi a zaumoyo ndiwo amatchinga pamene pang'ambika. Ntchito yawo inachokera kwa anthu amene ankabaya katemera wa nthomba ndi amene analembedwa kulimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970. Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Amayendetsa sikelo ya ana pansi pa mtengo, amabaya katemera, amathira mankhwala m'zitsime, amalondola amene asiya kumwa mankhwala a TB, ndipo m'midzi yakutali amatsegula kachipatala ka m'mudzi kothandiza ana osakwana zaka zisanu pa malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku, kachipatala kameneko kamamupulumutsa ku ulendo wa maola. Koma chifukwa pachipatala anthu ndi ochepa, alangizi omwewo amaitanidwa kudzayeza malungo, kudzalemba m'kaundula, kudzagawa chiponde. Tsiku limene mlangizi ali pachipatala, kachipatala ka m'mudzi n'kotseka, ndiye amayi a mudzi umenewo amabwera kudzatalikitsa mzere womwe uja. Pali Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, ndipo ndimalimbikitsa makolo a ana anga kuimbako akafuna uphungu. Chimathandiza ndithu. Koma pa foni sangakusoke bala, sangatembenuze mwana m'mimba.

Pali malo amene asonyeza kuti kumudzi kungakhale anthu. Ku Neno, boma limene msewu wake aliyense amaudziwa kuvuta, a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, ndipo anayamba ndi zinthu zooneka: zipatala, nyumba za ogwira ntchito, zipangizo, anthu a m'midzi olipidwa oyendera odwala. Ku Mangochi madokotala amaphunzira ukatswiri wa family medicine ali pa chipatala cha boma, kuti azolowere matenda ndi mavuto a kumene anthu ambiri ali. Ndiponso kunabwera maphunziro a azamba a m'madera, otenga atsikana kuti akabwerere kukagwira kwawo. Maganizo amenewa ndi amene ine ndimawakhulupirira kwambiri, chifukwa munthu amene anakulira pa mjigo sadabwa ndi mjigo, ndipo amene make ali mudzi wachiwiri sawerenga masiku oti athawe.

Apa ndi pamene nkhaniyi imalowa m'kalasi mwanga. Ndikafunsa ana anga a Sitandade 6 zimene akufuna kudzakhala, theka la atsikana limati unesi. Amawaona anamwino athu, yunifolomu yoyera, ulemu umene amalandira pamsika. Koma ndikudziwa njira imene ili patsogolo pawo. Ambiri amene adzakhoze Sitandade 8 adzasankhidwira ku CDSS yapafupi, kumene kulibe labu, kumene Biology ndi Chemistry amaphunzira pa bolodi, mwina kwa mphunzitsi amene sanaphunzire maphunziro amenewo. Masukulu a zaumoyo amafuna makirediti a sayansi. Ndiye malo amapita kwa ana a m'masukulu a zipangizo, ambiri a m'tauni, amene akamaliza timawatumiza kuno n'kumadabwa kuti sakukhazikika. Mwana wa akulu anga anadutsa chifukwa malume ake anamutenga kukaphunzira ku tauni. Kusowa kwa namwino pachipatala chathu kumayambira m'chipinda chopanda maikulosikopu cha ku CDSS, ndipo a zamaphunziro ndi a zaumoyo akanakhala pansi limodzi pa nkhani imeneyi.

Komiti yathu siingalembe munthu ntchito, koma tinagwirizana kuchotsa chifukwa chimodzi chimene amatiuza nthawi zonse, chakuti ngakhale atatumiza munthu alibe pogona. Midzi inagawana ntchito. Ena anaumba njerwa, ena anatuta mchenga, achinyamata a mpira anawotcha uvuni. Makoma a nyumba ya mabanja awiri afika pa lintala. Chatsala ndi simenti, malata, zitseko ndi mmisiri, zimene sitingathe ndi zopereka za m'midzi. Nkhaniyi tinaipititsa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), yadutsa, ndipo ikukakambidwa ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) kuti ilowe pa ndalama za chitukuko cha dera la phungu (CDF). Kumeneko ikukapikisana ndi mlatho komanso midadada ya sukulu, ya sukulu yanga yomwe, ndipo a hedi andifunsa kale kuti ndili mbali iti. Ndawauza kuti chaka chino ndili mbali ya nyumba ya namwino.

Kalata yopita ku ofesi ya zaumoyo kuboma ndalemba, a gulupu adinda, mafumu onse asayina. Tapempha zinthu zitatu: medical assistant wachiwiri, namwino wachitatu, ndi kuti pakhale munthu wodzalowera adokotala athu mwezi umodzi kuti apite kutchuthi mvula isanayambe. Tawonjezeranso kuti m'dera lathu lomwe muno muli anamwino ophunzira amene ali okonzeka kugwira ntchito kuno, ndipo ndi chilolezo chawo taika mayina ndi manambala a satifiketi zawo pa pepala lapadera. Ndinamuimbira mwana wa akulu anga ndisanalembe dzina lake, kumufunsa ngati akudziwa kuti kuno kulibe magetsi ndipo usiku azidzadzutsidwa. Anati, "Amayi, lembani. Mukalembenso kuti ndikhoza kuyamba ngakhale nyumbayo isanafoleredwe, ndizigona kwa inu."